Mwabwerako kunja ndipo ntchito ili ku Blantyre: Lunzu, Chileka, Bvumbwe, Mpemba kapena Zomba?

Banja likamakonzeka kubwerera kumudzi kuchokera ku Joni, ku Mangalande kapena ku Ireland, nkhani ya nyumba imayambira pafoni. Alamu amatumiza zithunzi pa WhatsApp: nyumba ya mpanda, matailosi akuwala, kapinga wobiriwira pakhomo. Mukafunsa lendi ya ku Namiwawa, Sunnyside kapena Nyambadwe mumapeza kuti ikufuna kudya malipiro onse a munthu mmodzi. Mukatsikira ku Ndirande kapena ku Mbayani mtengo umagwirika, koma ana awiri ang'onoang'ono alibe pothamangira. Apa m'pamene maso amayamba kuyang'ana kunja kwa mzinda, kumatauni amene munthu amadzuka m'mamawa kupita kuntchito n'kubwerako madzulo.

Ndalembera banja la ana aang'ono, lomwe mmodzi kapena onse awiri azigwira ntchito ku Blantyre kapena ku Limbe, ndipo ndalama zomwe abwera nazo si zosefukira. Mitengo ya lendi sindiika m'manambala. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo eni nyumba amakweza lendi potsatira mtengo wa simenti ndi malata. Nambala ya lero imakhala bodza pakutha miyezi itatu. Chomwe sichisintha msanga ndi kusiyana kwa malowa.

Zoyezera

Choyamba, ndipo kwa ine chimaposa zonse, ndi mbali ya mzinda imene ntchito yanu ndi sukulu ya ana zili. Blantyre ndi matauni awiri, Blantyre ndi Limbe, olumikizidwa ndi msewu wa Masauko Chipembere. Wochokera ku Lunzu kapena ku Chileka amalowera kumpoto, kudzera pa Kameza. Wochokera ku Bvumbwe kapena ku Zomba amalowera ku Limbe. Wa ku Mpemba amakwera kuchokera kumwera, msewu wa ku Chikwawa. Ngati mukhala mbali ina, ntchito n'kukhala mbali inayo, tsiku lililonse mudzadula mzinda wonse kawiri pa nthawi imene aliyense ali pamsewu. Makilomita ochepa apakati pa Ginnery Corner, Chichiri ndi Maselema angathe kukudyerani nthawi yofanana ndi ulendo wonse wochokera kunyumba.

Chachiwiri ndi mtengo weniweni, umene si lendi yokha. Phatikizani mafuta kapena ya minibasi, fizi ya ana, ndi zomwe muwononge pokonza madzi ndi magetsi. Chachitatu ndi kupezeka kwa zinthu: nyumba yabwino ilipo? sukulu? chipatala chimene mungathamangireko 2 koloko usiku mwana akutentha thupi? Kumbukirani kuti boma la Blantyre lilibe chipatala chachikulu chapaboma monga cha ku Thyolo kapena ku Chiradzulu. Zipatala zing'onozing'ono zikalephera zimatumiza ku Queens. Chachinayi ndi zosamalira za mwezi ndi mwezi, ndipo chomaliza ndi zoopsa, makamaka zimene zimaoneka m'dzinja basi.

Pa zoopsazo pali chimodzi chomwe obwerera kwawo amachipeputsa. Mwana wobadwira ku Leeds kapena ku Pretoria thupi lake silinakumanepo ndi malungo, ndipo inu amene munakulira ku Chikwawa mphamvu imene munali nayo yolimbana nawo inachepa m'zaka zimene munakhala kunja. Kutentha kwa dera ndi kuchuluka kwa udzudzu si nkhani yaing'ono posankha pokhala.

Lunzu

Mtengo. Lunzu ili pa msewu wa M1, pafupifupi makilomita 20 kumpoto kwa Blantyre, m'dera la Mfumu Yaikulu Kapeni. Ndalama ya nyumba ya zipinda ziwiri m'madera apakati a mumzinda ku Lunzu ingakupatseni ya zipinda zitatu ndi bwalo. Mafuta werengani chonchi: makilomita 40 patsiku, masiku 22 pamwezi, ndi makilomita 880. Galimoto yoyenda makilomita 12 pa lita imodzi imwa malita oposa 70, musanapite kutchalitchi kapena kumaliro.

Kupezeka. Apa Lunzu imaposa anzake onse ang'onoang'ono. Minibasi sizisowa, chifukwa kuwonjezera pa za pa Lunzu pomwepo palinso zochokera ku Lirangwe, Mdeka ndi Zalewa. Msika ndi waukulu. Koposa zonse, pali chipatala cha mishoni cha Mlambe, cholipira koma chapafupi, ndipo kwa banja la mwana wakhanda chimenechi chokha ndi chifukwa chokwanira kuiganizira Lunzu. Sukulu zapulaiveti za mkaka ndi za pulaimale zilipo, koma zimasiyana kwambiri. Kalowenimo nokha nthawi ya phunziro, musakhutire ndi penti ya pachipata. Njanji imadutsa konkuno, koma sitima si yodalira popita kuntchito.

Zosamalira. Madzi ndi a Blantyre Water Board. Nyumba zambiri zatsopano zili m'timisewu tafumbi totuluka mu M1, ndipo timisewu timeneti ndi timene timatha mashoko a galimoto. Ngati mwabwera ndi kagalimoto kotsika kozolowera misewu ya ku Gauteng, mudzadziwana bwino ndi makaniko.

Zoopsa. M1 ndi msewu wa mathiraki opita ku Lilongwe ndi kuchipata cha Mwanza. Tsiku la msika anthu, akabaza, ngolo ndi mathiraki zonse zimakhala pamsewu umodzi. Nyumba ya m'mphepete mwa msewu ikhale yotchipa chotani, kwa mwana wa zaka zinayi amene amatsegula yekha geti ine sindingaitenge. Pafupi ndi mabala phokoso limafika mbandakucha. Lowani mkati pang'ono.

Chileka

Mtengo. Kuchokera pa Kameza kulowera kubwalo la ndege, kudutsa Chatha ndi Ngumbe, anthu amanga kwambiri m'zaka zapitazi, ndipo ambiri mwa omangawo ndi a kunja omwe. N'chifukwa chake lendi ya nyumba zatsopano za mpanda kuno imafuna kufanana ndi ya mumzinda, pamene za mkati mwa midzi ya kwa Kuntaja n'zotsika. Bwalo la ndege lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 16 kuchokera m'tauni, ndiye ambiri okhala cha kuno amayenda ulendo waufupi kuposa wa ku Lunzu.

Kupezeka. Ngati mukufuna nyumba yamakono yoti mungolowa, ya madzi otentha ndi khitchini yomangidwa kale, Chileka ndiyo ili ndi zambiri. Ngati mmodzi wa inu adzapitirizabe kuuluka kupita ku Johannesburg, kukhala mphindi khumi kuchokera pabwalo n'kwabwino. Chipatala cha boma ndi chaching'ono. Vuto lalikulu ndi ulendo wa ku Queens, ku Mwaiwathu, ku Adventist kapena kudutsira ku Mlambe.

Ndinaperekeza msuweni wanga kukaona nyumba cha ku Ngumbe atangofika kumene kuchokera ku Joni. Mwini nyumba, bambo wachikulire wa chipewa cha nsalu, anatizungulitsa zipinda zonse monyadira. Mkazi wa msuweni wangayo anangopita kukhitchini n'kutsegula mpopi. Mpopi unatsokomola kawiri, zii.

"Bambo, madzi amatuluka kuno?"

"Amatuluka, mayi, amatuluka bwino kwabasi."

"Nthawi yanji?"

Bamboyo anakanda m'khosi. "Kwambiri usiku."

Kuseri kwa nyumba kunali migolo itatu ya buluu ndi zidebe zisanu zovundikira bwino. Migoloyo inanena zoona kuposa mwini wake. Kulikonse kumene mukaone nyumba, yambani mwazungulira kuseri.

Zosamalira. Madzi ambiri a Blantyre amachokera mu Shire pa Walker's Ferry, n'kukankhidwa ndi mapampu a magetsi kukwera mtunda, kudutsa ku Chileka komweko. Magetsi akavuta, madzi nawo amavuta. Tinaziona mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, mdima wa maola ambiri n'kukhala wa tsiku ndi tsiku kwa chaka choposa chimodzi. Choncho thanki ya madzi pamwamba ndi kasola koyatsira magetsi, firiji ndi intaneti muziwerengere ngati mbali ya mtengo wa nyumba, kuno ndi kwina kulikonse. Funsaninso ngati mita ya mayunitsi ndi yanu nokha kapena mukugawana ndi a mu boizikota.

Zoopsa. Chileka ndi kotsika, mamita osafika 800 pamwamba pa nyanja pamene Blantyre imapitirira 1,000. Mu Okutobala ndi Novembala kumatentha moti mwana wozolowera ku Manchester sagona. Maneti, mawaya a udzudzu m'mawindo ndi kuyezetsa magazi tsiku lomwelo mwana akatentha thupi, zimenezi zisakhale zokambirana. China ndi pa Kameza. Magalimoto a ku Chileka, a ku Lunzu ndi ena a ku Machinjiri amakumana pamenepo, kenako n'kusankha pakati pa msewu wa ku Chirimba ndi wa Magalasi. Wonyamuka 6 koloko amadutsa mosavuta. Wochedwa ndi theka la ola pofunafuna sokosi ya mwana amakafika kuntchito atatopa kale.

Bvumbwe

Ndivomere, mtima wanga umakondera kuno, ndiye muwerenge mukudziwa zimenezo.

Mtengo. Bvumbwe ili m'boma la Thyolo, pamsewu wochokera ku Limbe kudzera ku Chigumula, pamtunda wosafika makilomita 20 kuchokera ku Limbe. Lendi ndi yofatsa, koma phindu lenileni lili m'mbale. Kabichi, tomato, karoti, mpiru, nthochi, mapeyala ndi mkaka zimene a mumzinda amagula ku Limbe zambiri zimachokera cha kuno, ndipo mukagula pa Bvumbwe pomwepo mumadumpha ogula n'kugulitsa. Kwa banja la ana odya zipatso tsiku lililonse monga anazolowera kunja, kusiyanaku kumaoneka pakutha kwa mwezi.

Kupezeka. Vuto lagona apa. Nyumba zabwino zobwereketsa si zambiri ngati ku Chileka, ndipo zikapezeka zimayenda pakamwa, kutchalitchi kapena kwa ogwira ntchito pamalo ofufuzira zaulimi a boma amene ali pomwepo. Mungafunike kudikira mwezi kapena iwiri muli kwa achibale. Minibasi za ku Thyolo zimadutsa tsiku lonse ndipo zimathera ku Limbe. Sukulu zamtundu umene obwera kunja amafuna zili ku Limbe, monga Hillview, kutanthauza kuti ana azikwera nanu m'mawa. Chipatala chaching'ono chilipo, ndipo zazikulu ndi ku Thyolo boma kapena mumzinda.

Zosamalira. Kuno n'kokwera ndipo kumazizira. Mu Juni ndi Julaye chiperoni chikagwa, nkhungu imatsika mpaka pakhonde, zovala za ana zimakhala pachingwe masiku atatu zili nyowenyowe, ndipo nsapato zachikopa zosiyidwa m'kabati mumazipeza zamera nguwi zobiriwira. Pokaona nyumba nunkhizani m'zipinda, yang'anani m'munsi mwa zipupa ngati penti ikufufuma, ndipo onani ngati chipinda cha ana chimalowa dzuwa. Nyumba yachinyezi ndi chifuwa cha mwana sizigwirizana. Mbali yabwino ndi yakuti dothi ndi lachonde. Kadimba kakuseri kamadyetsa banja masamba pafupifupi chaka chonse.

Zoopsa. Msewu ndi wopapatiza, wokhotakhota, wodzaza ndi njinga zonyamula madengu ndi zigubu za mkaka, ndipo m'mawa wa nkhungu simuona patali. Udzudzu ndi wocheperako poyerekeza ndi ku Chileka, koma musanamizidwe kuti kulibe malungo. Ndipo ngati ntchito yanu ili ku Victoria Avenue kapena ku Chirimba, Bvumbwe imataya ubwino wake wonse: muyenera kulowa m'chipwirikiti cha Limbe, kenako n'kutsika Chipembere yense.

Mpemba

Apa sindichedwapo. Mpemba ili kumwera, pamsewu wa ku Chikwawa, kwa Mfumu Yaikulu Somba, ndipo imadziwika ndi sukulu yophunzitsa ogwira ntchito m'boma. Pa mtengo, lendi ndi malo omanga n'zotsika, ndipo mtunda wake ndi waufupi kwa wogwira ntchito pakati pa Blantyre. Pa kupezeka ndiye pali ntchito: tauni yake ndi yaing'ono, nyumba zomalizidwa bwino n'zochepa, ndipo zogula zazikulu, sukulu yabwino ndi dokotala wa ana zonse n'zamumzinda. Zosamalira n'zofanana ndi za ku Lunzu, timisewu tafumbi ndi madzi oti mufunse anansi musanalipire. Choopsa ndi chakuti banja lopanda galimoto limakhala ngati lamangidwa kukangoda. Mpemba ndi ya anthu amene akufuna kumanga pang'onopang'ono, osati amene akufuna kulowa m'nyumba sabata yamawa.

Zomba

Mtengo. Ambiri obwera kunja amakopeka ndi Zomba, ndipo ndikumvetsa. Ndi mzinda wathunthu, likulu lakale la dziko mpaka 1975, wamitengo, wabata, phiri lili pamutu. Lendi ku Matawale kapena ku Chinamwali ndi yotsika poyerekeza ndi nyumba yofanana nayo ku Blantyre. Koma bwererani ku masamu aja. Zomba ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 65. Kupita ndi kubwera kwa masiku 22 ndi makilomita oposa 2,800, malita pafupifupi 240 pamwezi pa galimoto yomwe ija. Ndi kuwirikiza katatu mafuta a wa ku Lunzu. Zonse zimene mwapulumutsa pa lendi zathera pa pampu, matayala ndi oyilo tisanawerenge.

Amene anakhalapo ku England amati, "Ola limodzi ndi kanthu? Ife tinkayenda choncho tsiku lililonse." Inde, koma munkakhala m'sitima mukuwerenga kapena kugona. Kuno muli pachiwongolero, pa Namadzi ndi pa Thondwe mukupewa njinga ndi mbuzi, pobwerera kuli mdima.

Kupezeka. Pa ichi Zomba ilibe mnzake pamndandandawu. Pali chipatala chachikulu cha Zomba Central, mabanki, msika wodziwika bwino, University of Malawi, ndi sukulu ya Sir Harry Johnston kwa ofuna maphunziro ofanana ndi akunja. Madera oyandikana ndi yunivesite monga Chikanda nyumba zake zimalimbiranidwa ndi ophunzira, choncho banja liyang'ane kwina.

Zosamalira. Madzi ndi a Southern Region Water Board, ochokera kudamu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, otsika okha popanda kukankhidwa mtunda wautali ngati a Blantyre. Nyumba zakale za m'mbali mwa phiri n'zokongola koma zimafuna dzanja: madenga, mapaipi ndi chiswe.

Zoopsa. Mafuta akasowa, monga zakhala zikuchitikira kuyambira 2022, wa ku Lunzu amakwera minibasi kapena kabaza n'kukafika. Wa ku Zomba amagona pamzere kapena kujomba. Pewaninso nyumba za m'mphepete mwa Likangala ndi za m'munsi mwenimweni mwa zigwa zotsika m'phiri.

Musanalipire kalikonse

Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula mbali ya phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu mazanamazana anafa m'maboma a kumwera. M'dzinja lomwelo kolera inachedwetsa kutsegulira sukulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Nyumba imene mwaiona mu Ogasiti simunaione. Funsani anansi, osati ejenti, kumene madzi amvula amadzera, ngati mlatho wapanjira umadzadza, ndiponso kuti chitsime chili patali bwanji ndi chimbudzi.

N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti chaka choyamba achite lendi, dzinja limodzi lidutse ali m'deralo. Eni nyumba ambiri amafuna ya miyezi itatu pakamodzi, ndipo maejenti amafuna yawo yoonetsera. Musatumize ndalama muli kunja pa nyumba imene wachibale wodalirika sanalowemo. Za kugula malo ndiye samalani kawiri. Madera onsewa ndi a chikamwini, malo ambiri ndi a mbumba. Bambo amene akukugulitsani angakhale mkamwini chabe pamudzipo, ndipo mukangoyamba maziko alongo a mkazi wake ndi amalume amatulukira. Mnzanga wina analipira kawiri puloti imodzi mwanjira imeneyi. Pakhale amfumu, eni mbumba ndi a ofesi ya zamalo. Ngati munatenga unzika wa dziko lina, konzani kaye mapepala anu: malamulo a malo amene anasinthidwa mu 2022 anakhwimitsa pa anthu amene si nzika, ngakhale kuti kukhala nzika ya mayiko awiri kunaloledwa lamulo litasinthidwa mu 2018.

Kumbali ya sukulu, chaka cha maphunziro kuno chimayamba mu Seputembala. Ochokera ku Britain amalowa bwino. Ochokera ku South Africa, kumene chimayamba mu Januwale, mwana amabwerera kapena kudumpha miyezi ingapo, ndiye kambiranani ndi aphunzitsi aakulu musanagule tikiti.

Ndani apite kuti

Ngati ntchito ili pakati pa Blantyre, ku Chirimba kapena ku Ginnery Corner, muli ndi khanda, ndipo galimoto ndi imodzi kapena palibe, tengani Lunzu, mkati pang'ono kutali ndi M1. Minibasi ndi Mlambe zidzakupulumutsani kambirimbiri.

Ngati thumba likulola pang'ono, mukufuna nyumba yamakono yolowa lero, kapena bambo kapena mayi azibwererabwerera ku Joni, ndi Chileka, cha kufupi ndi Kameza, ndipo thanki ndi sola zikhale pa bajeti ya mwezi woyamba.

Ngati nonse mukugwira ntchito ku Limbe, ku Maselema kapena ku Chichiri, ndipo ana aziphunzira mbali yomweyo, dikirani nyumba youma ku Bvumbwe ngakhale itachedwa. Koma mwana akakhala ndi mphumu, pitani naye kaye mu Julaye mukaone mmene akupumira.

Ngati cholinga ndi kumanga yanuyanu ndi ndalama zimene mwabwera nazo, galimoto yolimba muli nayo, ndipo ana sanayambe sukulu, chitani lendi ku Mpemba chaka chimodzi mukufufuza malo.

Zomba itengeni ngati ntchito yanu ndi ya pakompyuta ndipo ku Blantyre mumafunika kawiri pa sabata, kapena ngati mmodzi wa inu wapeza ntchito ku Zomba komweko. Ngati nonse awiri muyenera kukhala pa desiki ku Blantyre 7:30 m'mawa uliwonse, ichotseni pamndandanda, muzikapitako Loweruka ndi ana kukagula mastiroberi kuphiri.